Tsiku Limene Azakhali Anaperekeza Boma

Mukadzamva anthu a kutchalitchi kwathu ku Lewisham akundiitana kuti "aSokosi", musadzavutike kufunsa. Ndi bwino ndikuuzeni ndekha, chifukwa amene akuyenda nayo nkhaniyi akuithira mchere wambiri (ena afika ponena kuti ndinalibe ndi buluku lomwe, limenelo ndi bodza, buluku ndinavala).

Ine ndinakulira mumsika wa Limbe, kugulitsa nsapato za kaunjika. Sukulu yanga yeniyeni inali imeneyo. Kumeneko ndinaphunzira kuti mtengo woyamba sukhala woona. Wogulitsa amayambira kumwamba podziwa kuti wogula adula pakati, ndipo onse awiri amakumana pa chilungamo atatuluka thukuta. Zikakanika, umanyamuka ngati ukupita, pang'onopang'ono, khutu uli nalo kumbuyo, mpaka umve kuti, "Bwerani bwana, bweretsani zomwezo." Njira imeneyi inali isanandigwiritsepo mwala. Ngakhale kuno ku London, kumene mitengo amachita kulemba, bambo wogulitsa matimati pamsika wa Lewisham akangondiona amaponyeratu awiri a basela m'jumbo kuti ndichoke msanga.

Tsono ndili ndi azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo anga. Ndiwo anandilandira nditangofika kuno, ndipo ndinagona pa sofa yawo mpaka inatenga maonekedwe a msana wanga. Amakhala ku Thamesmead, m'fulati yapamwamba, m'nyumba imene chikepe chake chimagwira ntchito tsiku limene chafuna. Zaka zawo zonse kuno anathera m'nyumba zosamalira okalamba: kunyamula nkhalamba za eni, kuzitembenuza pabedi, kuzisambitsa. Mapeto ake msana unatha, mawondo anatupa, nyamakazi inalowa mpaka m'zala. Dokotala anawauza mosabisa kuti akabwereranso kokanyamula anthu, iwonso adzayamba kunyamulidwa. Zaka za penshoni zinali zisanakwane, ndipo a ejensi anali akuimbabe foni kufunsa ngati angapite ku shifiti.

Chimene chikanawapulumutsa ndi thandizo limene boma la kuno limapereka kwa anthu aulumali ndi odwala matenda okhalitsa. Fomu yake itabwera, yonenepa ngati buku la nyimbo, ine ndinadzipereka ndekha.

"Azakhali, izi ndisiyireni ine. Boma ndi kasitomala ngati wina aliyense."

Tinakhala patebulo. Funso loyamba linali la kuphika.

"Lemba kuti ndimayesetsa," anatero azakhali.

La kuvala?

"Ndimayesetsa."

La kuyenda?

"Lemba kuti Mulungu akundisunga."

"Azakhali, bokosi la Mulungu palibe apa."

"Ndiye fomu yake ndi yoperewera."

Titafika pa mafunso a kusamba ndi kuchimbudzi, anandilanda cholembera. "Amenewo dumpha. Mwana wa achimwene sangandifunse zosamba ine."

Ndinaona kuti katundu uyu akudzitsitsa yekha mtengo wogula asanafike. Ndinanyamula fomu ija kupita nayo kwathu, nkukhala nayo pansi ngati munthu wa ku Limbe. Maganizo anga anali akuti, ndikalemba zoona zokhazokha, boma lidula pakati, titsala ndi theka la zoona. Koma ndikayambira kumwamba, akadula pakati tigwera pa zoona zenizeni. (Mpaka pano masamu amenewa sindiona pamene analakwika.) Ndiye ndinalemba kuti azakhali sayenda n'komwe. Sadzuka okha. Satha kukweza supuni. Panja anatulukako kalekale. Azakhali anasaina osawerenga, poti magalasi anali kuchipinda ndipo mwana wa achimwene sanganame.

Patapita nthawi kunabwera yankho lakuti, popeza odwalawo satuluka m'nyumba, munthu wodzawayeza abwera konko. Ine ndinavina. Wogula akachita kukulondola pabenchi pako ndiye kuti katundu wamukonda.

Ndinayamba kuwaphunzitsa. "Azakhali, tsiku limenelo musadzuke pampando. Musaseke. Akakufunsani kuti muli bwanji, musayankhe kuti muli bwino."

"Nanga ndiziti chiyani? Munthu wakupatsa moni, iwe nkuyamba kumukhuthulira matenda ako?"

"Ameneyo si moni, azakhali, ndi mayeso."

"Kwanu komweko," anatero. Koma anagwedeza mutu, ine nkumati tamvana.

Chimene ndinaiwala ndi chakuti m'makutu mwa azakhali simunalowe mawu akuti mayeso. Munalowa akuti kukubwera mlendo.

Tsikulo ndinapeza chikepe chafa. Ndikukwera masitepe ndinayamba kumva fungo la mandasi, ndipo mtima wanga unayamba kutsika pamene miyendo ikukwera. Ndinavula nsapato pakhomo, poti kwa azakhali nsapato siponda kapeti, nkulowa. Abale anga, nyumba inali kuwala. Pansi pokolopa, makatani ochapa, tinsalu toluka tili pamipando, makapu aja amene amatuluka pokhapokha kukabwera abusa ali ndandanda patebulo. Eni ake ali m'chitenje chatsopano, duku lomanga bwino, mafuta ali phuliphuli kumaso. Ndinamva pambuyo pake kuti ntchitoyi anaiyamba masiku angapo m'mbuyo, pang'onopang'ono, malo ena akukolopa chokhala, ndipo m'mawa umenewo anamweratu mankhwala opha ululu kuti alimbe.

"Azakhali! Mwatipha!"

"Ndapha ndani? Ukufuna boma likanene kuti Amalawi ndi auve?"

Ndinayesa kusokoneza pang'ono. Ndinaponya thaulo pasofa, iwo anati chotsa. Ndinabisa mandasi m'kabati (fungo linakana kubisala). Pomaliza ndinawakhazika pampando wawo waukulu, kuwafunditsa bulangeti mpaka m'khosi, ndodo nkuiimika poonekera ngati katundu wapashelefu.

Kenako kunamveka kugogoda. Ndinatsegula ndili ndi nkhope yamaliro imene ndinaiyeserera pagalasi. Pakhomo panaima mtsikana wachizungu, nesi malinga ndi mmene anadzitchulira, chikwama cha laputopu paphewa, akupuma mwawefuwefu. Ndipo anali woyembekezera. Osati kuyembekezera kongoyamba ayi, koma kotopa, koti mawa kapena mkuja.

Ndinatembenuka kuti ndiwatsinzinire azakhali. Bulangeti linali kale pansi.

"Mayo ine, mwana wa eni wakwera masitepe onsewa ali chonchi? Iwe, landira chikwamacho! Waima ngati mtengo bwanji?"

Munthu amene ndinalemba kuti sadzuka yekha anadzuka, kumugwira mtsikana uja padzanja, kumukhazika pampando wawo womwe uja, kumuikira kampando kumapazi. Munthu wosakweza supuni anapita kukhitchini, nabwera ndi tiyi, ndiponso mandasi amene anawapeza m'kabati osafunsa ndi komwe.

Mtsikana uja anatsegula laputopu, namwetulira. "How are you today?"

"Fine, thank you, my dear," anatero azakhali ndi mawu okoma ngati a pawailesi. Ndipo anayamba kumufunsa iyeyo: ngati mapazi akutupa, ngati akugona bwino, ngati amayi ake ali pafupi. Kwa kanthawi sizinkadziwika kuti akuyeza mnzake ndani.

Mafunso enieni atayamba (zonse zinali m'Chingerezi, chimene azakhali amachilankhula kuposa ine), ndinasendera pafupi kuti ndipulumutse malonda.

"Kodi mumatha kudziphikira chakudya?" anafunsa mtsikanayo, maso ali pa mbale ya mandasi.

"Awa ndaphika ndine," ndinayankha msanga.

"Iwe?" anatero azakhali, m'Chingerezi chomwecho kuti mlendo asekeko. "Uyu amapsereza ndi madzi omwe."

Mlendo anasekadi. Kenako analemba. Kalembedwe kake kanali kofatsa, zala zikungoti tapatapa, koma kwa ine kunkamveka ngati akukhomera bokosi.

"Pafomu mwalemba kuti mayiwa sayenda n'komwe," anatero akuyang'ana ine. "Koma ndawaona akupita kukhitchini ndi kubwerako."

Apa ndiye magazi a ku Limbe anawira. Wogula akaloza pamene nsapato yang'ambika, sukangana naye, umatsitsako pang'ono.

"Chabwino madamu, tisavutane. Kukhitchini tikupatsani. Koma pakhomo safika."

"Pepani, sindinamve. Mukundipatsa?"

"Tikumane pakati. Khitchini ndi kuchipinda, basi. Pamenepo ndiye pomaliza, kutsika apo ndiluza."

"Bambo, ine sindikugula kanthu. Ndikungofuna kudziwa mmene mayiwa amakhalira masiku onse."

Onse amatero, ndinaganiza choncho. Wogula weniweni amayamba ndi kunena kuti akungoona.

Anatembenukira kwa azakhali nafunsa za kusamba, ngati amatha kulowa ndi kutuluka m'bafa, ngati amafika kuchimbudzi nthawi yake. Azakhali anandiyang'ana ine, nayang'ana pansi, nakonza chitenje pamawondo.

"No problem," anatero motsitsa.

Tapatapa, tapatapa.

Ndinaona kuti malonda akumira ndipo chida chatsala ndi chimodzi. Ndinaimirira, kukoka malaya, nkulankhula mokweza: "Ngati simukutikhulupirira, basi, tasiya. Thandizo lanulo khalani nalo. Tikaona kwina." (Kwina kuti, sindikudziwa. Boma kuno ndi limodzi.)

Ndinayamba kuyenda kayendedwe kaja, phazi limodzi, kupuma, phazi lina, khutu lili kumbuyo. Ndinafika pamapeto a kapeti, zii. Ndinagwira chitseko, kukhosomola pang'ono kuti adziwe kuti mwayi ukuwathawa, zii. Ndinatsegula, nkuponda panja ndi mapazi onse awiri, kuti aone kuti sindikuseka.

Amene munafikako ku Thamesmead mukuidziwa mphepo imene imachokera kumtsinje. Inadutsa m'khonde muja nkuchimenya chitseko kuti phwaa! Ndipo loko wa azakhali ndi uja wodzikhoma yekha.

Makiyi anali m'jekete. Foni m'jekete. Jekete pasofa. Nsapato kuseri kwa chitseko. Ine, munthu amene ndinaveka nsapato theka la Limbe, ndinaima pakhonde lonyowa ndi mvula yowaza, ndili ndi masokosi okha, chala chachikulu chakumanzere chikusuzumira panja.

Ndinakweza dzanja kuti ndigogode, koma linaima m'malere. Ndikagogoda atsegule ndani? Azakhali sangalole mlendo wotopa adzuke. Abwera okha mpaka pakhomo, pakhomo pomwe ndangolumbira kuti safika. Ndinatsitsa dzanja. Ndinaika khutu pachitseko kuti mwina akundiitana. Ndinangomva kulira kwa masupuni m'makapu.

Ndili chiimire choncho panadutsa neba wawo wa ku Zambia, mayi amene amaimba nawo kwaya kutchalitchi kwathu, atanyamula majumbo. Anandiyang'ana kumaso, nayang'ana kumapazi.

"Ba neba, nsapato zili kuti? Bakupishani?" anafunsa m'chilankhulo chakwawo, kutanthauza kuti kodi andithamangitsa.

"Ayi, ndikupitidwa mphepo."

"Oho," anatero, akufulumira kulowa kwawo. Ndinadziwa kuti pofika Lamulungu kwaya yonse ikhala itamva, kuyambira oimba mawu oyamba mpaka a besi.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji, koma mapazi anasiya kundidziwa. Kenako chitseko chinatseguka. Anatuluka azakhali, atavala khoti pamwamba pa chitenje, chikwama cha laputopu chili paphewa pawo, kaphukusi ka mandasi m'manja. Kumbuyo kwawo mtsikana uja akudandaula kuti chonde musavutike, mphatso saloledwa kulandira, chikwama anyamula yekha.

"Wabwerako kumene unapita?" anandifunsa azakhali. "Tiye tiperekeze mlendo." Nakoka chitseko, phwaa, kiyi wawo ali m'thumba la khoti.

"Azakhali, nsapato!"

"Basi ingamudutse, mwanayu asaime pamphepo."

Ndinayesa kuwalanda chikwama. Anandikankha ndi chigongono. "Iwe unanyanyala. Usachigwire."

Pamasitepe mtsikana uja anaima, nalankhula mofatsa, ndipo ndimamulemekezabe chifukwa cha mawu amenewa. "Mayi, chonde bwererani. Zonse zimene ndikuonazi ndiyenera kukalemba."

"Kalembe, mwana wanga," anatero azakhali. "Koma gwira chitsulocho, masitepewa ndi oterera."

Tinatsika choncho: azakhali patsogolo, sitepe imodzi imodzi, mano ali olumana koma akucheza, boma pakati, litagwira mimba, ine kumbuyo, masokosi akulira chapuchapu. Tinadutsa pabwalo, kuwoloka msewu, mpaka pamalo okwerera basi. Basi itabwera anamupatsira chikwama pakhomo penipeni, kumuuza dalaivala kuti ayendetse bwino, ndipo mandasi aja, amene anakanidwa mpaka mapeto, anathera m'manja mwanga. Anaimika mkono, kubayibitsa mpaka basi inakhota.

Itangokhota, mkono unagwa. Anakhala pa kabenchi kopyapyala kaja mosasamala kuti nkonyowa. Nkhope inachita phulusa, thukuta lili kamukamu pamphumi kunja kukuzizira.

"Ndipatse kanthawi," anatero.

Kanthawi kanadutsa, mabasi ena anadutsa. Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anayesanso, analira kamawu kamene ndinali ndisanakamvepo kwa iwo. Pomaliza ndinagwada, nkuwabereka kumsana, kuwoloka nawo msewu, kukwera masitepe onse aja. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Tili pakati anandinong'oneza kukhutu kuti, "Usauze munthu."

Anagona masiku ambiri osatsika pabedi. Amayi a kutchalitchi ndiwo ankasinthana kudzawasambitsa. Ine, poyendayenda m'nyumbamo kufuna izi ndi izi, ndinayamba kuona zinthu zimene ndinkazidutsa. Kampando kapulasitiki m'bafa. Mpando wina pafupi ndi chitofu. Ndowa yovindikira kuseri kwa bedi. Mabotolo osatsegula, poti zala zinalephera. Zaka zonsezi ndinkabwera Lamulungu, kupeza nyumba yowala ndi chakudya patebulo, kudya, kuperekezedwa mpaka pabasi, osadziwa kuti Lolemba lake amalipira ali chigonere. Inenso ankandilandira ngati mlendo. Ndinapeka bodza lalikulu pafomu pamene zoona, ndikanazifufuza, zinali zokwanira.

Yankho la boma linabwera, ndipo simukufunika kulota. Linati mayiwa anaphika, anatsika masitepe, anayenda mpaka pabasi atanyamula chikwama, ndiponso zimene zinalembedwa pafomu sizikugwirizana ndi zimene zinaoneka. Palibe bodza limene mtsikana uja analemba. Sabata yomweyo ndinapeza yunifolomu yawo yakuntchito yositasita ili lende pachitseko.

"Ndawaimbira a ejensi," anatero osandiyang'ana. "Kupempha ndapempha, andikana. Manja ndikadali nawo."

Ndinaichotsa yunifolomu ija, kuipinda, kuilowetsa m'chikwama changa. Anandikalipira, anatchula dzina la malemu bambo, koma kuti andithamangitse sakanatha. Ndinawapempha kuti andipatse mpata ndikonze zimene ndinaononga, ndipo pa miyezi imeneyo ndinkagwira mashifiti owonjezera kuwerehausi kumene ndimagwira ntchito kuti magetsi asazime.

Ku Lewisham kuli kaofesi kothandiza anthu pa nkhani zoterezi kwaulere. Kumeneko tinapeza Mayi Rudo, a ku Zimbabwe, amene agogo awo anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu. Chichewa chawo chimapendekera ku Chishona koma chimafika. Anawerenga fomu yanga ija mwakachetechete, kenako anavula magalasi.

"Achimwene, mwalemba kuti satha kukweza supuni. Nanga zaka zonsezi amadya ndi chiyani?"

"Unali mtengo woyambira," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nayang'ana azakhali. "Ndi wanu ndithu uyu?"

"Wa achimwene," anatero azakhali, ngati akupepesa.

Mayi Rudo anatifotokozera chimene ndikanachidziwa ndikanafunsa. Funso silakuti munthu angathe kuchita chinthu kamodzi atadzikakamiza. Amafuna kudziwa ngati angachichite bwinobwino, mosadzivulaza, mobwerezabwereza, pa masiku ambiri. Ulendo wa pabasi uja, anatero, si umene unatigwetsa wokha. Chinatigwetsa ndi chakuti palibe anauza boma zimene zinachitika basi itakhota.

Tinapempha kuti aunikenso, titatenga makalata a dokotala. Anakananso. Tinachita apilo kubwalo loona za nkhani zimenezi, nkudikira mpaka nyengo yozizira inatha, ina nkuyandikira. Azakhali anaonda ndi kudikira. Kawiri konse anandifunsa kumene ndinaika yunifolomu.

Tsiku la apilo tinapita pa takisi, ndipo Mayi Rudo ndiwo anali owayankhulira (ine anandiuza kuti ndine mboni chabe, nditsegule pakamwa akandifunsa). M'chipindamo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo: woweruza, dokotala, ndi mayi wina wodziwa za ulumali. Sipanatenge nthawi, woweruza ananyamula fomu ija.

"Analemba izi ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Chifukwa chiyani munalemba kuti sayenda n'komwe?"

Ndinayang'ana Mayi Rudo. Anangokweza nsidze. Ndiye ndinafotokoza zonse: za Limbe, za mtengo woyamba, za kudula pakati.

"Ndiye mumayembekezera kuti boma lidula pakati?"

"Inde bwana. Kwathu akanadula."

Dokotala anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi, nabisa nkhope m'kampango. Woweruza sanaseke. Anandiuza mawu olimba ndithu za kuopsa kolemba zabodza pa mapepala a boma, ndipo ndinawalandira nditawerama, poti anali anga. Kenako anafunsa za ulendo wa pabasi. Ndinawauza kuti kwathu mlendo satuluka yekha ngati wakuba, amaperekezedwa, katundu wake nkumunyamulira, makamaka akakhala mmene analili mtsikana uja. Ndinawauza kuti azakhali akanakwawa ndi mawondo kusiyana ndi kumusiya atsike yekha. Ndipo ngakhale anandiletsa kuuza munthu, ndinanena za kabenchi kaja, za kuwabereka, za masiku amene anagona. Sindinawonjezere kanthu. Linali tsiku langa loyamba kutchula mtengo weniweni poyambirira, ndipo m'kamwa munkamveka mwachilendo.

Dokotala anatembenukira kwa azakhali, nati akufuna kufunsa za kusamba ndi kuchimbudzi. Azakhali anasisita ndodo yawo. Kenako anati, "Mwana uyu ayambe watuluka."

Ndinadzuka. Ulendo uno ndinayamba ndayang'ana kumapazi, kenako chitseko ndinachitseka ndekha, mwaulemu, ndi manja awiri.

Ndinakhala pabenchi m'khonde nthawi yaitali. Pamene ankatuluka, atatsamira pa Mayi Rudo, maso anali ofiira.

"Ndanena zonse," anatero atakhala pambali panga. "Zimene sindinauzepo ngakhale amayi abusa. Ndachita manyazi, iwe."

"Pepani azakhali."

"Ukanakhala mwana wamkazi bwenzi nditakuuza kalekale. Koma unabadwa mwamuna, wapakamwa."

Anatiitananso tsiku lomwelo. Woweruza anati apilo yatheka. Thandizo la kudzisamalira tsiku ndi tsiku anawapatsa lokwera, la mayendedwe anawapatsa lotsikirapo. Azakhali anatseka maso, milomo ikuyenda. Mayi Rudo anawagwira dzanja. Ine ndinamva mawu oti lotsikirapo, lilime linayamba kuyabwa lokha.

"Bwana, poti tachokera kutali, pa mayendedwepo simungaikepo ka..."

Zala za azakhali zimalephera kutsegula botolo, koma kutsina ntchafu zimatha. Ndinamaliza ndi "zikomo kwambiri" wa mawu okwera ngati wa kwaya.

Yunifolomu ija ikadali kwathu, pansi pa sutikesi, ndipo anasiya kuifunsa. Tsopano kumabwera mtsikana wowathandiza masiku ena, ngakhale ndikukayikira kuti amayamba akonza m'nyumba iye asanafike. Pa za alendo tinachita kukambirana, ndipo aka kanali koyamba kunenerera nkupambana pa nkhani yonseyi. Iwo anayambira pabasi, ine ndinayambira pampando, tinakumana pakhomo. Amafika pakhomo nkuima, kuchokera apo miyendo yawo ndine. Ndimanyamula chikwama cha mlendo aliyense, kaya abusa, kaya wodzawerenga mita, iwo ali pawindo kukuwa kuti, "Ukafike nawo pabasi penipeni, usakawasiye panjira!" Kiyi ndimavala m'khosi pachingwe ngati mwana wasukulu.

Mayi Rudo amati akhulupirira ndinaphunzirapo kanthu, ndipo ndimavomera kuti inde. Koma poti pano tili tokha, ndikuuzeni. Ndimati ndikaganiza za tsiku lija, mmene ndinayendera bwino pakapeti paja, mmene ndinakhosomolera pachitseko, mtima umandiuzabe kuti mtsikana uja anali atatsala pang'ono kundiitana. Inandilakwira ndi mphepo.